Mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ngakhale ubongo uli ndi kalilole

Amalume anga sankadziwa kuonera mpira mwendo uli pansi. Dynamos ikamasewera pa Rufaro ku Mbare mu Harare, wokhala kutsogolo kwawo ankabwerera kunyumba ndi fumbi la nsapato kumsana, chifukwa wosewera akati amenye mpira kulunjika pagolo, mwendo wa amalume unkanyamuka wokha n'kumenya nawo. Mnyamata wa Dynamos akapondedwa n'kugwa chagada, amalume ankagwira bondo lawo, nkhope atakwinya, ngati ovulalawo ndi iwo. Paunyamata wawo anasewerapo mpira m'mabwalo a fumbi ku Mufakose. Akazi awo sanamenyepo mpira chibadwire. Kukuwa ankakuwa kuposa amuna awo, koma miyendo yawo inkakhala phee. Ndipo pali china chimene ndinachiona ndili mwana koma ndachimvetsa ndili wamkulu: akagwa wa CAPS United, amalume sankagwira bondo. Ankangoti, "Adzuke uyo, akutitayitsa nthawi."

Ndawakumbukira amalume chifukwa cha uthenga umene unafika pagulu la WhatsApp la sosaite yathu ya maliro. Unkati asayansi apeza kuti m'mutu mwa munthu aliyense muli maselo ogwira ntchito ngati kalilole, kuti ndi maselo amenewa amene amatimvetsa ululu wa anzathu ndi kutiuza za mumtima mwawo, ndiponso kuti munthu wouma mtima ndiye kuti maselo akewo anafa. Anthu anautumizirana mosangalala, ena n'kuwonjezerapo mavesi. Muli zoona mu uthengawo, koma zabodza zachuluka, ndipo zabodzazo zimagwirizana bwino kwambiri ndi zikhulupiriro zathu zakale zimene timaweruzira nazo ana, amasiye ndi alendo. N'chifukwa chake sindinathe kungouona n'kuusiya.

Nkhani ya maselowa inayambira mumzinda wa Parma ku Italy. Giacomo Rizzolatti ndi anzake, Giuseppe di Pellegrino, Luciano Fadiga, Leonardo Fogassi ndi Vittorio Gallese, ankafufuza mmene ubongo wa nyani umalamulira dzanja. Ankalowetsa kawaya kopyapyala kwambiri m'gawo la ubongo limene amalitcha F5, n'kumamvetsera selo limodzilimodzi. Nyani akatola chakudya, selo linalake linkathetheka. Chimene sanachiyembekezere n'chakuti selo lomwelo linkathethekanso nyani atakhala duu, akungoyang'ana munthu akutola chakudyacho. Anazilemba koyamba mu 1992, ndipo mu 1996 anawapatsa maselowa dzina lakuti mirror neurons. Ife tingoti maselo a kalilole. Pa maselo 532 amene anawamvetsera m'kafukufuku wa 1996 uja, 92 okha ndi amene anali a mtundu umenewu. Pambuyo pake anapeza zina zochititsa chidwi. Mu 2001 anaona kuti ena mwa maselowa amathetheka ngakhale dzanja litalowa kuseri kwa chotchinga, bola nyani akudziwa kuti kuseriko kuli chinthu. Mu 2002 anapeza ena amene amadzuka nyani akangomva phokoso la kusenda mtedza, osaona n'komwe wosendayo.

Zimene zinapezeka ndi zimenezo: maselo a nyani, okhudza dzanja ndi pakamwa, kutola, kugwira, kusenda. Palibe chifundo pamenepo, palibe kuwerenga mtima. Koma mu 2000 katswiri wina wotchuka wa za ubongo ku California, V. S. Ramachandran, analosera kuti maselowa adzasintha maphunziro a maganizo a munthu monga DNA inasinthira maphunziro a zamoyo. Manyuzipepala anaitola nkhaniyo n'kuthamanga nayo, ndipo patapita zaka zoposa 20 inafika pafoni ya gulu lathu la maliro itanenepa kuposa mwini wake.

Kodi anthufe tili nawo? Tili nawo. Umboni wachindunji unabwera mu 2010 kuchokera ku Los Angeles, kumene Roy Mukamel ndi dokotala wa opaleshoni ya ubongo Itzhak Fried anamvetsera maselo 1,177 mwa odwala khunyu 21 amene anali ataikidwa kale timawaya m'mutu pokonzekera chithandizo. Ochepa mwa maselowo ankadzuka wodwala akamachita chinthu komanso akamaona wina akuchita chinthu chomwecho. Ndiime pang'ono apa, poti ndatchula khunyu. Ofufuza aja ankakhala pambali pa odwalawo masiku ambiri, ndipo palibe anatenga matendawo. Khunyu ndi vuto la mmene maselo a muubongo amatumizirana mauthenga. Silipatsirana kudzera m'thovu la mkamwa kapena mpweya woipa monga timauzirana. Munthu akagwa pa Mbare Musika, mugonekeni cham'mbali, chotsani zimene zingamuvulaze, musamuike supuni mkamwa, ndipo musathawe.

Chikhulupiriro choyamba cha mu uthenga uja n'chakuti kaliloleyu timabadwa naye wathunthu. Chimamveka bwino kwa ife, poti timati make mbuu, mwana mbuu. Ngakhale asayansi anakhulupirira choncho kwa nthawi yaitali, kuchokera mu 1977 pamene Andrew Meltzoff ndi Keith Moore analemba kuti khanda la masiku ochepa limatulutsa lilime munthu wamkulu akalitulutsira lake. Koma mu 2016 gulu la pa yunivesite ya Queensland ku Australia linatsatira makanda 106, n'kuwayesa ali ndi sabata imodzi, zitatu, zisanu ndi imodzi, ndi zisanu ndi zinayi, ndipo silinapeze umboni woti makandawo amatsanzira. Khanda linkatulutsa lilime pa zinthu zosiyanasiyana zoliutsa chidwi. Meltzoff akutsutsabe zotsatirazo, ndipo mkanganowo sunathe. Chimene chakhazikika bwino ndi mbali ya kuphunzira. Mu 2005 Beatriz Calvo-Merino ndi anzake ku London anaika akatswiri a magule awiri m'makina a MRI: ovina ballet ndi ovina capoeira, gule wa ku Brazil. Aliyense anaonetsedwa magule onse awiri. Zigawo za ubongo zoyendetsa thupi zinkadzuka kwambiri munthu akamaona gule amene iye mwini anamuphunzira. Mu 2007 Caroline Catmur, Vincent Walsh ndi Cecilia Heyes anachita china chophweka kuposa pamenepo. Anaphunzitsa anthu kuti akaona chala cholozera chikugwedezeka, iwo azigwedeza chala chaching'ono chakumapeto. Maphunziro ochepa okha anatembenuza kaliloleyo, moti pambuyo pake kuona chala cholozera kunkadzutsa minofu ya chala chaching'ono.

Mwendo wa amalume ndi umenewo. Unkamenya nawo mpira chifukwa unaumenyapo kambirimbiri. Pitani ku Dzivarasekwa kapena ku Mufakose tsiku limene Gule Wamkulu watuluka, amene anzathu Achishona amati zvigure, muone anthu oima m'mbali mwa bwalo. Mwana wa ku Borrowdale wobwera kudzajambula pafoni amaona fumbi ndi nthenga. Gogo amene anakulira ku Dedza akuomba m'manja pabwalo, mapewa ake amadziwa pamene mbalule isinthire chilombo chisanatembenuke. Maso ndi amodzimodzi, koma matupi awiriwo anadutsa m'njira zosiyana. N'chimodzimodzinso kwa akalipentala a ku Area 8 ku Glen View. Mnyamata akhoza kuyang'ana amisiri akupala thabwa chaka chathunthu, koma amayamba kuona chimene dzanja la mmisiri likuchita tsiku limene iye wagwira puleni n'kuononga matabwa awiri atatu. Kuyang'ana kumathandiza amene wayesapo kale. Amisiri amene amangouza ana a abale awo kuti "uziona mmene ndikuchitira" osawapatsa chida m'manja akuwachedwetsa.

Poti tafika pabwalo la gule, ndinene mwachidule za chikhulupiriro chakuti mayi woyembekezera akayang'anitsitsa chilombo kapena munthu wolumala, mwana adzafanana nacho. Zimene maso a mayi aona sizilembedwa pathupi la mwana. Maonekedwe a mwana amachokera kumtundu wa makolo onse awiri ndi mmene wakulira m'mimba. Mayi wobereka mwana wolumala sanalakwe kuyang'ana kanthu.

Chikhulupiriro chachiwiri cha mu uthenga uja n'chakuti popanda kaliloleyu sungamvetse zochita za mnzako, ngati kuti ubongo umayenera kuyamba wachita chinthu mwakachetechete kuti uchizindikire. Pano ndi pamene Gregory Hickok wa ku Irvine anatsutsa mwamphamvu, m'nkhani yake ya 2009 ndi m'buku lake la 2014 lotchedwa The Myth of Mirror Neurons. Umboni wake wina tonse tili nawo pakhomo: timamvetsa galu akamagwedeza mchira, tilibe mchira. Mu 2016 Gilles Vannuscorps ndi Alfonso Caramazza anayesa anthu asanu obadwa opanda mikono, kapena ndi mikono yaifupi kwambiri, ndipo anapeza kuti amazindikira ndi kulosera zochita za manja a anthu ena mwachangu ndi molondola ngati wina aliyense. Palinso anthu obadwa ndi vuto lotchedwa Moebius, amene nkhope zawo sizitha kumwetulira kapena kukwinya. Mu 2010 Kathleen Bogart ndi David Matsumoto anayesa akuluakulu 37 otere, ndipo ankazindikira chimwemwe, mkwiyo ndi chisoni pankhope za ena ngati anzawo onse. Choncho kaliloleyu amathandiza, makamaka pa zinthu zing'onozing'ono monga kusiyanitsa kagwiridwe ka dzanja kapena kukonzekera kulandira chinthu, koma si iye yekha. Kuganiza zimene mnzako akudziwa, zimene akufuna ndi zimene akubisa kumadalira zigawo zina, monga chigawo cha pamwamba pa khutu chakumbuyo chimene Rebecca Saxe ndi Nancy Kanwisher anachifotokoza mu 2003. Imeneyo ndi ntchito ya kulingalira, ndipo kulingalira kumalakwa.

Apa ndipo pali chikhulupiriro chimene chimandipweteka koposa, chakuti nkhope imanena zonse. Ndinali pamaliro ena ku Mabvuku. Mayi woferedwa mwamuna anakhala pamphasa m'chipinda, maso gwa, osatulutsa msozi. Kunja, pamoto wa azibambo ndi kukhitchini kwa azimayi, mlandu unali utaweruzidwa kale kusanache: salira chifukwa akudziwapo kanthu. Mayi uja anali atadwazika mwamuna wake miyezi yambiri, akudzuka usiku kukatunga madzi pamjigo, masana akugulitsa tomato pamsewu. Anadzalira patapita masabata, ali yekha, atapeza malaya a malemu m'thumba la zochapa. Oweruza aja anali atabwerera kwawo kalekale, ndipo mawu awo anatsala akuyenda m'laini yonse.

Ofufuza akhala akuyesa luso lathu lowerenga nkhope, ndipo silili monga timadzitamira. Mu 2012 Hillel Aviezer ndi anzake anatenga zithunzi za osewera tenisi pa mphindi imene apambana kapena kugonja, n'kudula thupi kusiya nkhope yokha. Anthu analephera kusiyanitsa wopambana ndi wogonja. Ataonetsedwa thupi lopanda nkhope, anasiyanitsa. Ife a Gule Wamkulu siziyenera kutidabwitsa, poti nkhope ya chilombo sisintha kuyambira potuluka mpaka pobwerera, koma bwalo lonse limadziwa pamene Kang'wingwi wakwiya ndi pamene Maliya akunyada. Timawerenga mapazi, chiuno, ng'oma ndi nyimbo, ndiponso timadziwa kale mbiri ya chilombocho. Mu 2014 Maria Gendron ndi anzake anapita kwa Ahimba ku Namibia ndi zithunzi za nkhope zimene Azungu amati ndi za mkwiyo, mantha, kunyansidwa ndi chisoni. Ahimba sanazigawe monga anazigawira anthu a ku America. Nkhope ili ndi chinenero chake, ndipo chinenerocho chimasiyana malinga ndi kumene munthu wakulira.

Nanga bodza? Aphunzitsi, apolisi ndi makolo ambiri amati amamudziwa wabodza pongomuyang'ana. Mu 2006 Charles Bond ndi Bella DePaulo anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku woposa 200, wokhudza anthu oposa 24,000, ndipo anapeza kuti munthu amalondola maulendo 54 pa 100 alionse posiyanitsa zoona ndi bodza. Woponya ndalama m'mwamba amalondola maulendo 50. Kuyang'ana kumbali, kumene anthu padziko lonse amakutenga ngati chizindikiro cha bodza, sikunapezeke kuti n'kodalirika. Ganizirani tsono mwana wa Chichewa amene agogo ake anamuphunzitsa kugwada ndi kuyang'ana pansi akamalankhula ndi wamkulu. Ndalama ikasowa m'kalasi, amene amayamba kukayikiridwa ndi iyeyo, chifukwa cha ulemu umene tinamuphunzitsa tokha.

Uthenga uja unanenanso kuti kaliloleyu amatimvetsa ululu wa munthu aliyense. Theka lake n'loona. Mu 2004 Tania Singer ku London anaitana akazi 16 pamodzi ndi amuna okondana nawo. Mkazi ankagona m'makina a MRI, mwamuna atakhala pambali, ndipo wina mwa iwo ankalandira kamagetsi kopweteka padzanja. Mkazi akaona chizindikiro chakuti mwamuna wake akumva ululu, zigawo zina za ubongo wake zimene zimadzuka iye mwini akapwetekedwa zinkadzukanso. Sizinali zonse ayi. Zigawo zouza munthu pamene pakupweteka ndi kukula kwa ululuwo zinali chete. Zinadzuka ndi zokhudza kuwawidwa mtima, ndipo zimenezi si maselo a dzanja a ku Parma aja. Mayi akati "ndikumva kuwawa" mwana wake akubayidwa jakisoni kukiliniki, sakunama. Koma sakumva jakisoniyo.

Theka linalo ndi la amalume ndi wosewera wa CAPS uja. Mu 2010 Grit Hein ndi Singer yemweyo ku Zurich anatenga ochemerera timu ina ya mpira n'kuwaonetsa munthu akulandira kamagetsi kopweteka. Akauzidwa kuti ndi wa timu yawo, ubongo unkamva naye chisoni kwambiri, ndipo ambiri ankavomera kulandira theka la ululuwo m'malo mwake. Akakhala wa timu yolimbana nayo, chisonicho chinkachepa, ndipo mwa ena munkadzuka chigawo cha ubongo chokhudza kukondwa. Chifundo cha thupi chimasankha. Chimayamba chafunsa kuti ndi wathu kapena ayi.

Ife zidzukulu za machona sitifunika makina a ku Zurich kuti atiuze zimenezi. Agogo athu anayenda wapansi kuchokera ku Nyasaland, kudutsa Tete, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi, m'makhitchini a Azungu ndi kukhonsolo ya Salisbury, n'kukhazikika ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara. Ana awo anabadwira kuno, koma mayina sanatichoke: mabwidi, mabhurandaya, manyasarande. Robert Mugabe ananenapo poyera kuti anthu a ku Mbare ndi opanda mitupo, chonsecho tili ndi mifunda yathu, a Phiri, a Banda, a Mwale, a Nkhoma. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri obadwira kuno opanda dziko, ndipo ngakhale malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo linachokera kumaiko a SADC, pali mabanja amene mpaka lero alibe chitupa. Mu May 2005 ntchito ya boma yotchedwa Murambatsvina itagwetsa nyumba ndi misika, lipoti la bungwe la United Nations lolembedwa ndi Anna Tibaijuka linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya. Anthu ankauzidwa kuti abwerere kumudzi. Wobadwira ku Matapi ku Mbare, amene agogo ake anachoka ku Ntcheu zaka makumi asanu ndi limodzi zapitazo, mudzi wake unali uti? Ogwetsa nyumba aja anali ndi maselo a kalilole ngati ife tonse. Ankaona misozi bwinobwino. Dzina lonyoza limagwira ntchito isanafike misoziyo: limamuchotsa munthu pagulu la amene ululu wawo umatikhudza. Ndipo tisadziyeretse, poti nafenso tili ndi mayina amene timatchula nawo anthu a ku Mozambique ndi a mitundu ina, ndipo ana athu amawamva patebulo.

Chokondweretsa n'chakuti malire amenewa amasuntha. Hein yemweyo mu 2016 anaonetsa kuti munthu akathandizidwa kangapo chabe ndi mlendo wa gulu lina, ubongo wake umayamba kumvera chisoni anthu a gulu limenelo. M'malaini mwathu izi zimachitika tsiku ndi tsiku popanda wozilemba: Mzezuru ndi Mchewa otunga pamjigo umodzi, obwerekana mchere, oikirana maliro. Amalume omwe aja anali ndi mnzawo wapamtima wochemerera CAPS, ndipo iyeyo atathyoka mwendo kuntchito, anali amalume amene anamubereka kukakwera galimoto.

Chikhulupiriro china chakhudza mabanja ambiri mwakachetechete. Mu 2006 Ramachandran ndi Lindsay Oberman anafalitsa ganizo lakuti ana a autism ali ndi kalilole wosweka, n'chifukwa chake sayang'ana anthu m'maso ndipo amavutika kucheza. Ganizoli linatchuka msanga. Koma mu 2013 Antonia Hamilton anaunika kafukufuku 25 pa nkhaniyi ndipo anapeza kuti umboni wa kalilole woswekayo ndi wochepa. Ana ambiri otere amatsanzira bwino zochita zokhala ndi cholinga akauzidwa kutero, ndipo ambiri amamva chisoni kwambiri, kungoti amachionetsa mwa njira yawo. Damian Milton, wofufuza wa ku Britain amene iye mwini ali ndi autism, ananena mu 2012 kuti kusamvanaku n'kwa mbali ziwiri: iwo amavutika kutiwerenga, nafenso timalephera kuwawerenga iwo. Kwathu kuno mwana wotere samunena za kalilole. Amati analodzedwa, kapena bambo ake anamukhwimira kuti bizinesi iyende, ndipo amatsekeredwa m'nyumba alendo akabwera. Kafukufuku wa mapasa ndi wa mabanja akuonetsa kuti gawo lalikulu la vutoli ndi la chibadwa. Palibe anamulodza, palibe anamugulitsa, ndipo mwanayo amamva mukamamunena.

Za kuyasamula ndingodutsapo. N'zoona kuti kumapatsirana, ndipo ana aang'ono satengera kuyasamula kwa ena mpaka atafika zaka zinayi kapena zisanu. Koma zoti wosatengera ndi wouma mtima, kafukufuku wa pa yunivesite ya Duke wa 2014, wa anthu 328, sanazipeze. Musayese nacho chibwenzi chanu.

Tsono ngati nkhope imasocheretsa, ndipo chifundo cha thupi chimasankha, timudziwe bwanji mnzathu? Ambiri amati uzidziyesa ngati vutolo lagwera iwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo mwambiwu umatifewetsa mtima ndithu. Koma kufewa mtima ndi kudziwa n'zosiyana. Mu 2018 Tal Eyal, Mary Steffel ndi Nicholas Epley anachita mayeso 25, kuuza anthu kuti adziyese ngati ndi mnzawoyo kenako anene zimene akuganiza kapena kumva. Sizinawathandize kulondola, ngakhale kwa okwatirana. Nthawi zina zinkangowonjezera kudzidalira. Chimene chinathandiza chinali chimodzi: kumufunsa mwini wake ndi kumvetsera yankho. Makolo athu anazinena kale kuti safunsa anadya phula.

Ndipo umboni waukulu wa zimenezi sunachokere ku Parma kapena ku London. Unachokera ku Mbare. Mu 2006, mabala a Murambatsvina akadali aawisi, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayamba ntchito ndi agogo aakazi 14 amene ankathandiza kale za umoyo m'makiliniki a khonsolo. Nthawi imeneyo madokotala a mtundu wake m'dziko lonse anali ochepa kwambiri. Anaika mabenchi a matabwa pabwalo la kiliniki, ntchito imene ikudziwika lero kuti Friendship Bench. Agogowo anakana mawu a m'mabuku a chipatala n'kubweretsa awo. Vuto la kuvutika maganizo analitcha kufungisisa, kuganiza mopitirira. Njira yake anaigawa patatu m'Chishona: kuvhura pfungwa, kutsegula maganizo, kusimudzira, kumudzutsa munthu, kusimbisa, kumulimbikitsa. Chimene chimandigwira mtima ndi chimene agogowo anaphunzira kusiya. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, inde, koma kawirikawiri timazimitsa motowo ndi malangizo munthu asanamalize kulankhula. Pabenchi gogo salangiza ndipo saweruza. Amafunsa. Munthu amatchula mavuto ake, lendi, mwamuna womenya, mankhwala a HIV, fizi ya ana, n'kusankha yekha limodzi loyamba nalo, ndipo awiriwo amakonza chimene achite sabata imeneyo. Woonetsa zizindikiro zofuna kudzipha amatumizidwa kwa anamwino ndi madokotala.

Ntchitoyi inayesedwa mwa njira yokhwima. Zotsatira zinatuluka mu December 2016 m'magazini ya zachipatala ya JAMA: anthu 573 m'makiliniki 24 a mu Harare, ena okumana ndi gogo pabenchi maulendo asanu ndi limodzi, ena olandira chithandizo cha masiku onse. Patapita miyezi isanu ndi umodzi, mwa okhala pabenchi 14 pa 100 alionse ndi amene anali adakali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo. Mwa enawo anali 50 pa 100. Agogo amenewa sanawerenge nkhope ya munthu kuti adziwe chimene chikumudya. Ambiri obwera pabenchi amafika akudandaula mutu kapena mtima kugunda, atavala bwino, akumwetulira popereka moni.

Mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndipo maselo a ku Parma sanamange mlatho umene uthenga wa pafoni uja unalonjeza. Amatipatsa kunjenjemera kwa mwendo, kukwinya kwa nkhope, kachisoni koyamba, ndipo zimenezi ndi zenizeni. Koma zimaumbidwa ndi zimene tinachitapo ndi amene tinazolowera kuwatcha athu. Ndikadakhala ndi mpata wobwerera pamaliro a ku Mabvuku aja, sindikadakhala pamoto kumvetsera mlandu. Ndikadapempha azakhali kuti alowe m'chipinda, akhale pamphasa pambali pa mayi uja, amufunse ngati wadya ndi ngati wagona.

Inu amene muli ndi wopanga lendi m'chipinda chakuseri amene wasiya kutuluka, kapena mpongozi amene wangoti zii masabata awiri, kapena mnyamata amene wayamba kugona masana onse, musamalize nkhani yake pomuyang'ana. Gogodani, khalani pansi, mufunseni kuti, "Achimwene, chikukuvutani n'chiyani?" ndipo yankho likachedwa, dikirani osadzazapo mawu anu. Likakhala lolemera kuposa inu, mabenchi aja alipo m'makiliniki ambiri a khonsolo m'malokeshoni a Harare, ndipo kukhalapo salipira. Musangomulozera njira. Pitani naye.